Mawindo Amene Ndinkaopa Kutseka

Ulembi wa kalabu yathu ya alimi a ng'ombe za mkaka ndinaupeza ndi pakamwa. Atcheya atafunsa ngati alipo wodziwa kompyuta, ndinakweza dzanja msanga, chonsecho kudziwa kwanga kunali kuyatsa, kulemba ndi zala ziwiri, ndi kuzimitsa pa soketi monga timachitira ndi wailesi. Anandipatsa kiyi wa kachipinda ka kuseri kwa thanki yoziziritsira mkaka, ndipo makalata onse a kalabu obwera pa imelo ankadikira ine.

Chaka chimenecho ng'ombe yanga inapoloza bere litakula kale. Inali imodzi yokhayo m'khola mwanga. Alangizi a ziweto anabwera kuchokera cha ku Mikolongwe, anatenga magazi kukayezetsa ku Blantyre, nati yankho lidzabwera pa imelo ya kalabu. Mkaka wa ng'ombeyo unaletsedwa. Komiti inagamula kuti ngati pofika Loweruka palibe kalata yosonyeza kuti ilibe matenda opatsirana, ng'ombeyo iphedwe, kuopa kuti makola a anzathu angawonongeke. Sindinawade, nanenso ndikanagamula chimodzimodzi. Koma mantha anandigwira, chakudya sichinkatsika.

Tsono pulogalamu ya imeloyo inali ndi khalidwe lake. Ndikayatsa kompyuta inkatseguka yokha, mawindo awiri ofanana ngati mapasa. Ine sindinaone cholakwika. Ndili mtsikana ndinkatumidwa ku positi ofesi ya pa boma, ndipo kumeneko windo likatsekedwa ndiye kuti kalata yako ukaiona mawa, koma akatsegula awiri mzere unkayenda. Choncho ndinkati kutseka windo la imelo n'kubweza kalata imene ili m'njira. Poweruka ndinkazimitsa pa soketi mawindo ali chitsegukire. M'mawa ndinkapeza atatu, tsiku lina anayi, ine n'kumanyada kuti ofesi yanga ikukula.

Sabata ya ng'ombe ija anafika khumi ndi awiri, osanjikizana, ndipo kompyuta inalefuka. Ndikasuntha mausi, kamuvi kankayamba kaganiza kaye. Kalata sinkatseguka ndi imodzi yomwe. Kuuza atcheya ndinkachita manyazi, si ndinali ine katswiri uja? Ndinkangoyatsa ndi kuzimitsa, mawindo akuwonjezekabe.

Lachisanu m'mawa, chiperoni chikuwaza, kunabwera mayi wina amene amalemba za odwala pa kompyuta ku chipatala cha ku Mauwa. Ankakonda kudzagula mkaka pa njinga. Anasuzumira m'kachipinda muja n'kundipeza nditagwira tsaya.

"Achemwali, nanga nkhope imeneyi?" anafunsa.

"Yakana kuyenda iyi. Koma musatseke mawindowo chonde, ndikudikira kalata ya ng'ombe yanga."

Anayang'ana sikilini, anayang'ana ine, kenaka anaseka mpaka kutsamira chitseko.

"A sekilitale, mukuyesa pano ndi pa positi eti? Nyumbatu ndi imodzi iyi. Mwangoiboola mawindo thwelofu. Musuzumire uku, musuzumire uko, mpando mukauone womwewo. Tasunthani."

Anakhala pa mpando wanga, chigubu chake cha mkaka chili pamiyendo. Atadina kamtanda ka pakona, anadikira moleza mtima, ndipo windo loyamba linazimiririka. Ndinasendera pafupi ndi sikilini. Koma kuseri kwake kunali lina, makalata omwewo, mzere womwewo, palibe chosowa. Anatseka lina, n'lina. Ndinkawerenga chamumtima, ndipo pa lililonse ndinkayembekezera kuona kalata ikugwa, koma palibe inagwa. Kompyuta inayamba kupepuka pang'onopang'ono, kamphepo koiziziritsa m'kati kanasiya kubuula.

"Vuto lanu simutsanzika," anatero. "Mumangoidula pa soketi. Iyo imalemba pakafayilo kake kuti mayi aja anasiya mawindo angati, m'mawa n'kukubwezerani onse. Ndiye winanso anaika pulogalamu ya imeloyi pa mndandanda wa zinthu zodzuka zokha kompyuta ikayaka. Kumeneko kumabwera lina lowonjezera. Tsiku lililonse mwana mmodzi."

Anatsegula mndandanda uja n'kuichotsapo. Analowa m'mafoda amene sindinkadziwa n'komwe kuti aliko, chipinda m'kati mwa chipinda, mpaka anapeza kafayilo kokumbukira kaja n'kukafufuta. Kenaka anagwira dzanja langa n'kundionetsa potulukira mwaulemu, ndi pozimitsira popanda kukhudza soketi.

Ndinazizwa, ndipo mpaka lero ndimazizwabe. Chinthu chopanda magazi, chimene ndinkachitukwana sabata yonse kuti n'chamwano, chinali kungondimvera. Chinkasunga zimene ndasiya dzulo n'kundibwezera mokhulupirika kuposa anthu ena amene ndinadya nawo mbale imodzi. Nditafunsa kuti nanga makalatawo amagona pati, mayi uja anati m'kompyuta yathuyo amangodutsamo, kwawo kwenikweni ndi m'makompyuta ena akutali, mwina kutsidya kwa nyanja zikuluzikulu. Ndinakhala kukamwa yasa. Kalata yochokera pa Blantyre pompa, pamene minibasi imafika tiyi asanazizire m'fulasiki, iyambe yazungulira dziko lonse isanafike kuseri kwa thanki yathu.

Anazimitsa, anayatsanso, natsegula yekha pulogalamu ija. Linabwera windo limodzi, loyera bwino. Pamwamba penipeni panali kalata ya alangizi.

Ndinaiwerenga kawiri chifukwa maso anadzaza misozi. Magazi analibe matenda. Nditayang'ana tsiku limene inafika, ndinadzikwiyira kwambiri: Lolemba. Masiku anayi yankho linali pamaso panga, m'mawindo khumi ndi awiri onse, ine ndikuonda ndi mantha.

Ndinasindikiza kalatayo, ndinaikulunga m'pepala la pulasitiki chifukwa cha mvula, n'kukaisiya m'manja mwa atcheya. Anaiwerenga, anagwedeza mutu, nati, "Mwachita mwayi, amayi. Koma thamangirani kunyumba, abutchala ndawauza kale akaone katundu."

Ndinapalasa njinga matope akuthovukira kumsana. Ndinawapezadi atatsamira khola langa, bambo wonenepa wa pa msika, akuyeza ng'ombe yanga ndi maso kuyambira pakhosi mpaka kuntchafu. Iyo inkangobzikula, yosadziwa kanthu. Ndinawauza nkhani yake, ndipo nkhope yawo inagwa, ngakhale anayesetsa kunena kuti zikomo kwa Mulungu.

Mlendo sabwerera chimanjamanja. Ndinawakhazika pakhonde, ndinatsuka manja, ndinalowa m'khola n'kukama. Ndinawiritsa mkakawo n'kuwathirira mu tiyi, wambiri dala. Anamwa, anapukuta pakamwa, nayang'ananso kukhola kuja.

"Iyi musadzaigulitse, amayi," anatero.