Madzi amene amayi ankataya

Kwathu ku Nkhulambe, kuseri kwa nyumba imene ndinabadwiramo, kuli mtengo wa mandimu. Ukafikisa tsamba lake m'manja, fungo limakuperekeza mpaka kumsewu. Ndikukumbukira bwino chiyambi cha mtengowo, pakuti unakula ndi matenda a amayi anga.

Zipani zinali zitangochuluka kumene, sukulu itangokhala yaulere. Ine ndinali kamtsikana kotuwa miyendo, kodziyesa kodziwa Chichewa kuposa aliyense pamudzi. Amayi anachokera kutsidya, ku Mozambique, pothawa nkhondo, n'kudzakwatiwa pamudzi pa abambo. M'kamwa mwawo munali Chilomwe. Chichewa ankangochidziwa chokwanira kugulitsira nandolo ku Migowi. Chaka chimenecho anali oyembekezera, ndipo tonse mitima inali m'mwamba, chifukwa ulendo wam'mbuyo anapita padera.

Amayi sankamwa madzi masana. M'mawa ankamwa tiyi wakuda bii, wa shuga wambiri, basi, kukhosi gwa mpaka dzuwa kupendeka. Njira yopita kuchimbudzi inkadutsa pansi pa mtengo wa mango, pamene agogo aamuna, bambo awo a abambo, ankakhala tsiku lonse akusoka mphasa. Mkazi kudutsa pamaso pa apongozi ake, iwo n'kudziwa kumene akupita? Amayi zimenezo sakanatha. Ankadzigwira mpaka agogo atalowa m'nyumba, ndipo kuti kudzigwirako kusavute, ankapewa kumwa.

Tsiku lina ndinawapeza atatsamira nkhokwe, dzanja lili m'chiuno, thukuta lili kamukamu. Abambo anawakweza panjinga, ine n'kukhala pachitsulo chakutsogolo. Titafika kuchipatala, abambo anatsala panja, poti kwa amayi oyembekezera amuna sankalowako. Womasulira ndinali ine.

Anamwino anali mayi wa ku Ntchisi, waulemu, wosatchula chinthu ndi dzina lake. Atayeza, anati ndi matenda a m'chikhodzodzo, ndipo akakwera ku impso akhoza kupweteka ndi mwana yemwe.

"Mapilitsiwa mumalize onse, mayi," anatero. "Tiyi wa shuga uja muchepetse, zakumwa za m'mabotolo musiye kaye. Muzimwa madzi ambiri, ndipo muzitaya madzi pafupipafupi. Osamasunga ayi."

Ndinamasulira liwu ndi liwu, chifuwa chili patsogolo. Amayi anandiyang'ana modabwa. Madzi amene ankasenza kuchokera kumjigo, khosi likuwawa, awataye? Koma mawu a kuchipatala sankatsutsidwa.

Kuyambira tsiku limenelo, amayi akamwa chikho chimodzi, ankatunga china n'kukataya. Kungowakhuthulira pafumbi mtima unkawakana, ndiye anapeza kamtengo ka mandimu kamene kanamera kokha kuseri, n'kumathira pamenepo. Madzulo ankapendeketsa mtsuko wonse, poti anauzidwa kuti asamasunge. Ndimamvabe fungo la dothi lonyowa lija, ndi kuguguda kwa mtsuko ukamatha. Kamtengo kanasangalala, masamba ali biriwiri pakati pa chilimwe. Koma njira ya pansi pa mango amayi sankaipondabe masana. Mapilitsi atatha anapezako bwino, kenako ululu uja unabwerera, ndipo usiku ndinkawamva akubuula chamumtima.

Tinabwereranso kuchipatala. Anamwino anafunsa ngati akutaya madzi monga anawauzira. Amayi anayankha okha, m'Chichewa chawo chokoka chija.

"Ndikutaya ndithu. Mtsuko wonse. Mandimu afika m'mawondo."

Anamwino anagwira pakamwa, mapewa akugwedezeka, misozi ili mbwee. Atapuma anandikokera pafupi n'kundinong'oneza liwu lenilenilo, loti kukodza. Nditalimasulira, amayi anabisa nkhope m'chitenje. Anamwino anasiya kuseka, nafunsa chimene chinkawaletsa. Nkhope ya amayi sinatuluke m'chitenje. Ine pakamwa panga sipankasunga kanthu, koma ndinadikira mpaka tili panjinga.

"Ababa, amayi amaopa agogo. Amakhala panjira ya kuchimbudzi."

Amayi ananditsina pamsana. Abambo anangopalasa njinga, phiri la Mulanje likuyandikira pang'onopang'ono.

M'mawa mwake pansi pa mango panalibe munthu. Agogo anali atasamutsa bango lawo, chingwe ndi kampando, n'kukhala kumaso kwa nyumba, nkhope kuphiri, msana kwa ife. Dzuwa linkawaomba pamenepo, koma sanasunthe. Nditawafunsa, anayankha osadzutsa mutu.

"Mtengo uja wachuluka nyerere, mwana iwe."

Ndinakafufuza tsinde lonse. Nyerere sindinaione ndi imodzi yomwe.

Amayi anamaliza mapilitsi achiwiri. Madzi anayamba kumwa ngati munthu wochokera kumunda, tiyi n'kumangolawa, ndipo abambo akapita ku Migowi ankabwera ndi nkhaka m'malo mwa botolo la zotsekemera. Matenda sanabwerenso. Mvula yoyamba itagwa, mng'ono wanga Esinati anabadwa, wonenepa, wa mawu ngati mbuzi. Agogo sanabwererenso pansi pa mango mpaka imfa yawo, ndipo iwo ndi amayi sanatchulepo nkhaniyi ngakhale tsiku limodzi.

Lero ndimakhala m'tauni. Madzi amatuluka pampopi, chimbudzi chili m'nyumba momwemo, ndipo ana anga amatchula chilichonse ndi dzina lake, ngakhale pamaso pa alendo. Sindikudandaula, pakuti manyazi aja akanatilanda Esinati. Koma ndimasowa anthu aja, amene ankamvana osalankhula, nkhalamba yolola kupsa ndi dzuwa kuti mpongozi wake adutse momasuka. Ndimasowa mawu a amayi akundituma kumtsuko m'Chilomwe, chinenero chimene ana anga sachimva.

Amayi anatisiya zaka zapitazo. Mtengo wa mandimu wapitirira denga, ndipo umabereka mpaka nthambi kugwa pansi. Ndikapita kumudzi ndimatunga madzi m'chikho, n'kuzungulira kuseri. Ndimamwa theka, otsalawo n'kuthira patsinde. Ulendo wapitawu Esinati anandipeza pamenepo, nandifunsa chimene ndinkachita.

"Ndikutaya madzi," ndinamuyankha.

Anaseka mpaka kugwira nthiti. Kenako anandilanda chikho, n'kupita kukatunga ake.