Ababa aonera sewero, Tadala ali m'madzi

Mwaswera bwanji nonse. Kuno ku Mbulumbuzi zinthu zavuta, mtima wanga ukugunda moti akuumva mpaka kumsewu.

Masana ababa anapita kwa aneba kukaonera TV. Kunali sewero la mtsikana wa sukulu amene anapatsidwa mimba. Akuti anayamba ndi kudya mango osapsa, kenako anamuthamangitsa pakhomo, ukwati wa makolo ake unatha, iye n'kumwalira pobereka.

Pobwerako apeza mng'ono wanga Tadala pakhonde, mango awisi m'manja, mchere pabondo. Anaima ngati aona njoka. "Iwe, wayamba liti zimenezi?"

Ine ndinati, "Ababa, mudzi wonse ukudya mango, ndiye kuti ndi abusa omwe ali ndi pakati?" Chikuni chinandiphonya pang'ono, bwenzi pano mukusonkha za maliro anga.

Ndiye aitanitsa azakhali. Iwo amukhazika Tadala pamphasa, amutukula chibwano n'kumayang'ana pakhosi, paja amati pamagunda mofulumira munthu akakhala ndi pakati. Ayang'ana osaphethira, ayang'ananso. Kenako angoti, "Achimwene, tilankhula mawa," n'kunyamuka osatsanzika amayi.

Ababa akuti zikakhala zoona, mayeso a Fomu 2 salemba, atenge zovala zake azipita ngati wa mu sewero uja.

Poyamba ine ndimaseka. Koma ndamufunsa Tadala kuseri kwa bafa tili awiriwiri, ndipo sanakane. Wangondigwira dzanja n'kunena kuti ndisamusiye yekha.

Amalume, simungabwere mamawa azakhali asanafike? Enanu mukuti titani?