Kazenela ka pa sitolo yakale

Mwaswela bwanji abale? Ine mtima suli m'malo.

Tisa, mwana wanga wa ku Lusaka uja, wabwela kudzadyela holide kuno ku Nyimba. Lelo akuti, "Atate, kwelani galimoto, mukandionetse kumene munakulila."

Titafika pa boma pa Petauke ndamuonetsa sitolo yakale ija. Nthawi ya Chitaganya ife anthu akuda sitinkaloledwa kulowa pakhomo pake, tinkagulila pa kazenela ka kumbali. Amai ankachita kundinyamula kuti ndione za m'kati.

Kazenela kaja kalipobe! Pano akugulitsilapo tokotaimu ya foni, anthu ali pamzele, akuseka.

Tisa akuti, "Imani pomwepo ndikujambuleni, adzukulu anu akaone."

Ndakana. Ndazungulila kutsogolo, ndalowa pakhomo, ndakaima pakati pa sitolo osagula kanthu, mpaka wogulitsa wandifunsa ngati ndadwala.

Kenako tabwelela ku Nyimba. Titafika ndiye Tisa wati ndaononga ulendo. Mawa m'mamawa abwelela ku Lusaka, ndipo ine ndikungozungulila pabwalo, tiyi wazizila.

Inu akulu anga, nanunso munagulilapo pa kazenela kaja. Mukanavomela kuimanso pamenepo, n'kumwetulila?