Khansa ya amayi imene inalibe chotupa

Pepani kuti ndalimba mtima kulemba, ine amene sukulu ndinalekezera Fomu 2 konkuno ku Domasi. Anesi ena anandipempha kuti ndifotokoze za matenda a amayi anga, poti ndine ndinawadwazika, ndipo sindinathe kuwakanira.

Chizindikiro choyamba chinaonekera pa bulauzi. Mu Januwale amayi anasoketsa bulauzi yoyera ya gulu la amayi kutchalitchi, koma inkakwinyika kumanzere. Anaibweza kwa telala kawiri. Tsiku lina ndikuwathandiza kuvala ndinaona kuti telala sanalakwe: bere lakumanzere linali litakwera pang'ono, nsonga yake italowa mkati. Amayi anati si kanthu. Anaphunzitsidwa kuti khansa imayamba ndi chotupa chonga mtedza, ndipo ankadzifufuza mwezi ndi mwezi osachipeza. Malowo anali ongolimba, osapweteka. Tinakhala choncho mpaka Epulo.

Ku chipatala ku Zomba anawaunika ndi sikani, n'kutenga kanyama kokayeza. Tinadikira masabata atatu, ndipo zotsatira zinati ndi khansa. Anatitumiza ku Blantyre, kumene anawajambulanso ndi makina ofinya bere. Zithunzi zonse ziwiri zinaonetsa kamthunzi kakang'ono. Poyamba panamveka zoti angochotsa pamalo pomwepo, bere n'kutsala.

Chimene chinkandizunguza n'chakuti dzanja linkamva malo aakulu kuposa amene chithunzi chinkaonetsa. Ndine wamanyazi, koma ndinafunsa. Adokotala, mayi wa magalasi, anati nawonso chinkawakayikitsa n'chomwecho.

"Kwanu mumalima? Ndiye kapinga mumamudziwa. Khansa iyi timaitcha lobula. Siunjikana pamodzi, imayanga. Tisanagwire mpeni tifunika chithunzi cha MRI, tione pamene yafika, tionenso bere linalo."

Amayi sanakondwe, chifukwa mpunga unali utacha kudimba. Tili panja anati, "Andijambula kawiri kale. Kodi ndine mkwati?" Komabe tsiku litafika, patapita masabata ena awiri, tinakwera minibasi.

Anawavula ndolo ndi pini ya pachitenje, poti makinawo safuna chitsulo. Anawabaya mankhwala pamkono, n'kuwagoneka chafufumimba m'chinthu chonga mgolo. Ine ndili pabenchi ndinkamva phokoso ngati la chigayo, ndikudabwa kuti phokoso lingaone bwanji mkati mwa munthu. Chithunzi chitatuluka adokotala anandiitana kuti ndione nawo. Panali timizere toyera toyenderera mpaka kufupi ndi m'khwapa. Bere lakumanja linali bwino. Anati lakumanzere liyenera kuchoka lonse, pamodzi ndi anabere a m'khwapa.

Kwathu nkhani yotere siitha popanda amalume, mlongo wawo wa amayi, amene ndi mwini mbumba. Atamva anakana.

"Bere lopanda chotupa alidule lonse? Iwe mwana, Chingerezi chakecho unachimva bwino?"

Chibadwire ndinali ndisanawayankhepo amalume. Ndinapita kuseri kwa nyumba, n'kugwira tsinde limodzi la kapinga, n'kukoka. Linatuluka ndi mizu yotalika kuposa mkono. Ndinagwada n'kuliika patsogolo pawo.

"Amalume, zithunzi ziwiri zija zinaona masambawa. Chachitatu chinaona izi."

Analiyang'ana nthawi yaitali. Amene anayankhula anali amayi.

"Achimwene, kapinga mukadula pamwamba pokha mukudziwa zimene amachita. Bereli ana linayamwitsa kale. Ndikupita."

Opaleshoni inachitika mu Juni. Tinakhala m'wodi masiku asanu ndi limodzi, ine ndikugona pamphasa pambali pa bedi, m'mawa uliwonse anesi akuyeza madzi otuluka m'kapaipi ka pachilonda. Atayeza chimene anachotsa, anati khansa inafikadi pamene chithunzi chachitatu chinaonetsa, ndipo m'mphepete monse munali bwino. Kenaka anayamba kulandira mankhwala a m'diripu. Tsitsi linathothoka, chakudya chinkawanyansa, koma sanajombe ulendo ngakhale umodzi.

Lero amayi ali bwino. Amamwa piritsi tsiku lililonse ndipo amapita kukaonedwa pa masiku amene anawalembera. Mkono wakumanzere umatupa akalima kwambiri, choncho khasu timasinthana.

Kwa amayi ndi atsikana anzanga ndikupempha ichi: musadikire chotupa. Bere likasintha maonekedwe, likalimba, kapena nsonga ikalowa mkati, pitani kuchipatala msanga, ndipo akakuuzani kuti mujambulidwenso, musatope. Ife tinataya miyezi itatu tikuimba mlandu telala.

Diripu yomaliza anawachotsa pamkono pa 12 Novembala.