Mfuti Kuseri kwa Geti Langa

Ntchito yanga kuno ku Rotherham ndi yolowa m'nyumba za eni. Ndimasamalira okalamba amene akukhalabe m'makomo mwawo. Ndimawadzutsa, kuwasambitsa, kuwapatsa mankhwala ndi tiyi, kenako n'kuthamangira basi kupita kwa wina. Ambiri sangathe kuyenda mpaka pachitseko, choncho pakhoma lakunja pamakhala kabokosi kachitsulo kosungiramo kiyi. Umadina manambala, n'kutenga kiyiyo, n'kudzitsegulira wekha ngati mwana wa pakhomopo.

Masiku oyambirira zimenezi zinkandivuta. Ine ndinakulira kumene ngakhale kwa mchemwali wako umaima pabwalo n'kunena odi mpaka akuyankhe. Lero ndizingolowa m'nyumba ya mzungu mwiniwake ali m'bulangete? Ndinkanena odi wanga chamumtima, kenako n'kukweza mawu kupereka moni wa Chingerezi. Manyazi ndinali nawo, koma mantha oti wina angandipweteke pondiyesa wakuba sanandifikepo. Kuno ngakhale apolisi ambiri amayenda opanda mfuti.

Amuna anga ndi mwana wathu wamwamuna anatsala ku Lilongwe, m'nyumba imene tinamanga kunja kwa tauni, kumene nyumba zikadali patalipatali. Ine ndinachoka nyumbayo ilibe mpanda. Mpanda ndi geti ndinazionera pafoni. Itafika nthawi yopaka penti, amuna anga ankafuna geti lakuda, ine ndinkafuna lobiriwira. Tinakangana mpaka iwo anatopa. Pakamwa ndili napo, zimenezo sindikana. Getilo linapakidwa lobiriwira, ndipo chithunzi chake ndinkachiyang'ana m'basi ngati mmene ena amayang'anira zithunzi za zidzukulu. Ndinali ndisanalikhudzepo ndi dzanja.

Nkhani ya akuba ndinaimva kwa mwana. Bambo ake anali atamuletsa kundiuza, koma mwana wanga sasunga chinsinsi, anatengera ine. Ndinali pamalo odikirira basi m'mawa, kamvula ka kuno kosadziwika kuti kakugwa kapena kakungoyandama kakundinyowetsa kumaso. Anandiuza pafoni kuti akubawo anaponyera agalu athu nyama yapoizoni, analumpha mpanda, anaswa chitseko ndi chimwala. Anali ndi zikwanje. Bambo ake anawatema pamkono n'kuwamanga ndi chitenje changa chimene ndinasiya m'kabati. Iyeyo anamugoneka chafufumimba pansi, phazi la munthu lili pakhosi. Atapita, anaimba wenzulo monga anagwirizanirana anthu a m'deralo, ndipo aneba anabweradi, koma anapeza m'nyumba muli mbee.

Basi inabwera, ndinakwera, ndinakasambitsa munthu. Palibe amene anadziwa zimene ndinamva m'mawa umenewo, ndipo palibe amene anafunsa.

Amuna anga ndi munthu wanthabwala, koma kuyambira pamenepo anasanduka wina. Bala la pamkono linapola, koma nkhani ya chitenje ija sinapole. Sanaitchulepo ngakhale kamodzi, komabe ine ndinkaimva m'mawu mwawo. Mwamuna kumangidwa ndi nsalu ya mkazi wake mwana akuona! Ndinkalira ndikaganiza zimenezo, ndipo ndinkafunitsitsa nditakhala pafupi kuti ndingowaphikira phala n'kukhala nawo chete pakhonde.

Tsiku lina masana, ndili pa kabenchi kudikira nthawi yolowa m'nyumba ina, amuna anga anandiuza pafoni kuti ayamba kuyendetsa za chilolezo choti akhale ndi mfuti. Anandiuza ngati akunena za kugula feteleza.

Ndinapsa mtima nthawi yomweyo. Ndinawakumbutsa kuti mwana wathu akachedwa koonera mpira sagogoda, amalumpha mpanda kuopa kukalipiridwa. Ndinawakumbutsa kuti iwo akadzidzimuka kutulo sadziwa kumanja ndi kumanzere, kuti tsiku lina anandigwira pakhosi ine ndemwe ndikuchokera kukamwa madzi. Ndinati tipeze agalu ena, tiike waya pamwamba pa mpanda, tilembe mlonda. Iwo ankayankha chimodzichimodzi modekha. Agalu amadya nyama. Waya amadula. Mlonda naye ali ndi ana, akaona chikwanje amathawa, ndipo sungamunene. Kudekha kwawoko ndi kumene kunkandiwonjezera ukali, mpaka ndinanena kuti m'nyumba mwanga simulowa mfuti ine ndili moyo.

Iwo anati, "Mayi, wamva m'mimba ndiye atsekula chitseko. Inu kumeneko mumagona tulo. Mwayamba kuganiza ngati azungu anuwo."

Mawu amenewo anandilasa. Ndinadula foni, ndinapukuta m'maso, ndinadina manambala pa kabokosi ka kiyi, n'kulowa m'nyumba ya eni ndikumwetulira.

Ndimakhala m'kachipinda kapamwamba m'nyumba imene timagawana anthu angapo. Aliyense ali ndi nthawi yake ya ntchito, moti timadziwana ndi nsapato za pakhomo ndi mapoto a m'firiji. Munthu wokhala naye pansi n'kumufotokozera nkhani ngati imeneyi panalibe. Ndinkakangana ndekha ndikutsuka mbale, ine ndemwe kukhala amuna anga, ine ndemwe kudziyankha. Mkangano wa wekha ndi woipa chifukwa supambana.

Lamlungu lina ndinapita nayo nkhaniyi kutchalitchi ku Sheffield, kumene a Malawi ndi a ku Zambia timakumana m'holo yobwereka. Titaweruka, tikumwa tiyi, ndinaitchula mwapang'ono pofuna kuti wina andigwire mtima. Ndinalakwitsa. Abambo anailanda nkhaniyo ngati mpira. Wina anati ku America wakuba amaganiza kawiri chifukwa sadziwa kuti m'nyumbamo muli chiyani. Wina anati ku America komweko ana akuferanji kusukulu. Wina anati vuto si mfuti koma mtima wa munthu, ndipo anatsegula Baibulo. Anakokanakokana mpaka tiyi anazizira, aliyense akusangalala ndi mfundo zake. Za mwana wanga wolumpha mpanda palibe anazikumbuka. Mayi wina wa ku Zambia, mnzanga wa ntchito yomweyi, anangondisisita paphewa n'kunena kuti nyumba ni ya amuna, niisiye m'manja mwa Mulungu. Ndinabwerera pa basi ndili ndekhandekha kuposa mmene ndinapitira.

Pakati pa anthu amene ndimawasamalira pali mkulu wina amene anagwira ntchito m'fakitale ya zitsulo moyo wake wonse. Akazi awo anamwalira, ana ali kutali, ndipo TV yawo sizima. M'mawa wina ndikuwaveka masokosi, pa TV pankaoneka anthu a ku America akukangana za mfuti, ena atanyamula zikwangwani, ena akulira. Mkuluyo anapukusa mutu n'kunena kuti anthu amenewo mitu yawo sikuyenda bwino. Ndinamva ngati ndapeza mbale wanga. Malamulo a ntchito satilola kutula mavuto athu kwa odwala, koma pakamwa panga panatseguka pokha. Ndinawauza kuti amuna anga kwathu akufuna mfuti.

Anafunsa ngati n'njophera akalulu m'munda. Ndinati ayi, n'njoopsezera anthu. Ndinawafotokozera za akuba aja mwachidule, ndikuyembekeza kuti anena kuti ine ndiye ndikulondola. M'malo mwake anagwira kabatani kofiira kamene amavala m'khosi, koitanira thandizo akagwa.

"Ine ndikadina apa, anthu amabwera," anatero. "Nanga amuna akowo adina pati?"

Ndinawakwiyira mkuluyo tsiku lonse, moti tiyi wawo ndinamupanga mosasamala. Koma funso lawo linanditsatira m'basi, m'shopu, mpaka m'kachipinda kanga. Ine ndinkakana mfuti ndili m'dziko la mabatani ofiira. Komabe ngakhale ndinavomereza zimenezo, mtima wanga sunasinthe. Ndinkaonabe mwana wanga ali pamwamba pa mpanda.

Mfutiyo inabwera. Sanandiuze. Ndinaona ndekha tsiku lina tikulankhulana pa vidiyo, kumbuyo kwawo kuli kabati yachitsulo yatsopano pakona pamene pankakhala makina anga osokera. Ndinafunsa kuti makina anga ali kuti, anati awasamutsira kuchipinda cha alendo. Za kabatiyo sindinafunse, iwonso sananene. Tinayamba kulankhulana ngati anthu a mu ofesi imodzi, za madzi, za magetsi, za mayeso a mwana. Chimene chinandipweteka kwambiri n'chakuti nkhope yawo inali itabwerera. Ankaoneka kuti akugona tulo, ndipo nthabwala zinayambiranso. Chinthu chimene ine ndinkadana nacho chinawachiritsa pamene ine mkazi wawo ndinalephera.

Kenako kuntchito anandipatsa tchuthi chachitali, choyamba chiyambire, ndipo ndinagula tikiti yopita kwathu. Sindinauze munthu. Ife a kunja kuno ambiri timatero. Mayi anga ankati ulendo saulengeza, suudziwa mtima wa aliyense. Ena amaopa a nsanje, ena amaopa achibale odzadikirira masutikesi, ena amaopa akuba omwewo. Umangotulukira. Ndinakonza zoti ndikatsika ndege ndikabisale kaye kwa mchemwali wanga mpaka kude, kuti aneba asawerenge katundu, kenako ndikwere takisi.

Ulendo umenewo ndi umene unkandisunga m'miyezi yozizira ija. Ndinkauyenda m'maganizo tsiku lililonse. Takisi iima, ine nditsika, ndiliona geti langa lobiriwira ndi maso. Ndiligwira kaye ndi chikhatho. Kenako ndigogoda n'kunena odi mokweza, odi weniweni wotuluka pakamwa, osati wamumtima wa m'nyumba za azungu. Ndinkamva kale phokoso la patapata za amuna anga, ndi mawu awo ofunsa kuti ndani, ndipo ine ndinkati ndidzayankha kuti ndine wogulitsa tomato. Ndinkaseka ndekha m'basi anthu n'kumandiyang'ana. Ndinkakhulupirira kuti akadzangondiona chotero mosayembekezera, mkangano wathu wonse udzasungunuka pagetipo.

Lamlungu lina masana, nditakhala pabedi ndikupinda malaya amene ndinawagulira, ndinaimbira mwana. Mawu ake anali a munthu wosagona bwino. Nditafunsa, anati dzulo lake anagona pampando kwa mnzake. Ndinayesa kuti wayambana ndi bambo ake, kapena wayamba za atsikana. Iye anaseka n'kunena kuti ayi, mpira unatha mochedwa ndipo foni yake inathera moto panjira.

Sindinamvetse. Foni ikathera moto munthu sapita kwawo?

"Pano pali lamulo, amayi," anatero. "Kukada, aliyense aziimba kaye foni asanafike pageti. Osagogoda, osalumpha."

"Ngakhale iweyo?"

"Ngakhale ineyo. Adadi akuti mumdima munthu alibe nkhope."

Ankanena mopepuka, ngati akunena za tsiku lotaya zinyalala. Anandiuzanso kuti ndisadandaule, kulumpha mpanda anasiya kalekale. Ndiye kuti amuna anga anandimvera ndithu. Mantha anga aja anawatenga n'kuwakonza mwa njira yawo. Mwana sadzawomberedwa, chifukwa mwana waphunzira kuopa pakhomo pa bambo ake. Ndinafuna kukalipa, koma ndinasowa womukalipira.

Nditadula foni ndinakhala nthawi yaitali malaya ali pamiyendo. Kunja kunali kutayamba kale kuda ngakhale anali masana, monga kumachitira kuno nyengo yozizira. M'nyumba monse munali zii, kupatula mapaipi otenthetsera nyumba amene ankalira. Ndinadziona ndili pageti paja usiku, mayi wovala chijasi chachilendo, takisi yosadziwika itaima kumbuyo, ndikugogoda n'kumanamizira mawu a wogulitsa tomato. Ndinaona amuna anga akudzidzimuka kutulo. Sindinapitirize kuganiza.

Ndinawaimbira. Ndinawauza kuti ndikubwera, ndinatchula tsiku, ndinatchula ndi ndege yomwe. Mwambo wa mayi anga ndinauphwanya wonse m'mpweya umodzi. Anakondwa zenizeni, ndinamva mpando ukugwa pamene ankaimirira. Anati apha mbuzi, anati apakanso geti penti chifukwa dzuwa laliwaula. Anafunsa ngati ndikufunabe lobiriwira, ndipo tonse tinaseka, kuseka kwathu koyamba pa nthawi yaitali. Ndinawauza kuti asavutike kudzandichingamira, ndikadzera kwa mchemwali wanga n'kufika kutada. Misozi inali ikutsika, ndipo ndinali pafupi kuwauza za wogulitsa tomato uja kuti tisekenso.

Koma iwo anatsitsa mawu, n'kulankhula mwachikondi ndithu.

"Mwachita bwino kunena, mayi. Mukafika pageti muime chapatali, muimbe foni. Musagogode."

"Chabwino, bambo," ndinatero.