Mlamu Wanga Misitafi

Mlamu wanga Obadiya anali khukhi wa Mjeremani pa kamgodi kena ka golide kufupi ndi Battlefields, kunja kwa Gatuma, kumene lero mumati Kadoma. Tinachokera limodzi ku Dedza mu 1951, iyeyo, mkazi wake Rabeka yemwe ndi mlongo wanga, ndi ine. Ine ndinalowa pansi kukaphwanya miyala, iye analowa m'khichini. Mpaka lero sindidziwa kuti anapeza ntchito yauve kuposa mnzake ndani.

Mjeremaniyo, Bwana Hofumani, anali munthu wonyansa, ndipo sindikunena za mtima wokha. Ankatafuna fodya n'kumalavulira m'kapu yomwe ankamweramo khofi. Masokosi ake ukawadutsa pafupi umachita kugwira mphuno. Pansi pa bedi ankaikapo chitini, ati chimbudzi chatalika, ndipo m'mawa uliwonse Obadiya ankachinyamula ndi manja awiri ngati mbale ya alendo.

Koma mlamu wangayo zonsezi sankaziona, mtima unali pa chilankhulo. Chingerezi cha bwanayo chinali chothyokathyoka, Chilapalapa, chilankhulo cha m'migodi, ankadziwa chongolamulira, ndiye m'nyumba ankangobwebweta chakwawo, Obadiya n'kumatola mawu akagwa. Madzi anasanduka vasa, buledi buroti, kufulumira shineli. Akaweruka ankabwera nawo kukomboni kudzatigawira ife osapempha. Munthu wolephera kugula tomato m'Chishona ankatipatsa moni wa m'mawa wa gutenimogeni dzuwa litapendeka.

"Alamu," ndinamufunsa tsiku lina, "Chijeremani chanuchi mudzalankhula ndi ndani ku Dedza? Mbuzi?"

"Inu khalani ndi Chilapalapa chanu cha 'buya lapa, boyi'," anandiyankha. "Ine bwana wanga sanditchula boyi. Amanditi Misita."

Apa ndiye panagona nkhani. Masiku amenewo mzungu sankatchula munthu wakuda Misita, ngakhale mkulu wa imvi anali boyi basi. Koma Hofumani akafuna khukhi wake ankakuwa kuti "Misitafi!" Obadiya anadula mawuwo pawiri. Misita anati ndi ulemu, Fi anati ndi dzina lachijeremani limene bwana wamuninkha. Khofi akazizira, Misitafi. Mbale ikasweka, Misitafi. Ndinamuuzapo kuti ulemu wakewo ukubwera ndi mitsempha yotupa pakhosi, iye anati Ajeremani amalankhula choncho ngakhale popemphera.

Komboni yonse inayamba kumuitana Misitafi, ena moseka, mwini wake n'kumavomera akutukumula chifuwa. Rabeka atachira mwana wamwamuna, Obadiya anamupatsa dzina lomwelo. Ine ndinakana, ndinkafuna Sitefano, dzina la malemu bambo athu. Kwathu malume ali ndi mawu pa mwana wa mlongo wake, koma mwambowo unaoneka kuti unatsalira kutsidya kwa Zambezi. Rabeka anangoti, "Achimwene, asiyeni. Akuti mwanayu adzakhala bwana."

Ubatizo unachedwa chifukwa Hofumani sankadziwa kuti kuli tsiku lotchedwa Lamulungu. Mwana anali atayamba kale kuthamanga pamene tinakwera sitima ya ku Hatile, Chegutu ya lero. Matchalitchi apafupi analipo, koma Obadiya anamva kuti kumishoni ina kumeneko kuli wansembe wa ku Jeremani, ndipo ankafuna kukaonetsa luso lake ife tikuona.

Wansembeyo, mkulu wodekha, anasangalala kumva moni wakwawo pakamwa pa munthu wa ku Nyasalande. Anaponyerana mawu angapo, ndipo mlamu wanga ankayankhadi, uku akundiyang'ana cham'mbali. Kenako wansembe anafunsa dzina la mwana.

"Misitafi, Abambo."

Wansembe anati abwereze. Obadiya anabwereza mokweza, kutchula ndendende mmene bwana amatchulira, ndi kukhadzula kwake komwe. Mkulu uja anafiira mpaka m'makutu. Anasiya Chijeremani n'kulowa m'Chishona, nafunsa kuti mawuwo anawatenga kuti.

"Ndi dzina langa la kuntchito," anatero Obadiya.

Wansembe anayang'ana pansi, nalankhula pang'onopang'ono. Obadiya anatembenukira kwa ine kuti ndimasulire, ngakhale liwu lakuti ndove anali atalimva yekha, poti silisiyana ndi lathu.

"Alamu," ndinatero, "akuti si dzina. Misiti ndi ndowe, fi ndi chiweto. Ndi mawu otukwanira ng'ombe yodzigudubuza m'ndowe zake."

Ndinkaganiza kuti tsiku lomugonjetsa mlamu wanga ndidzaseka. Sindinaseke. Zaka zonsezo munthu akumutsukira chitini, iye akumutcha ndowe, ife komboni yonse tikumuthandiza kutukwana, mlongo wanga akutonthoza mwana ndi mawu omwewo!

Mwana anabatizidwa Sitefano. Tisanachoke, Obadiya anapempha wansembe kuti amuphunzitse chinthu chimodzi chokha, kunena kuti dzina langa ndine Obadiya. Mu sitima ankangogwedeza milomo, ikhi haise Obadiya, ikhi haise Obadiya, osayang'ana aliyense. Sadza, nsima yakumeneko, imene Rabeka anatenga ya panjira sanaikhudze.

M'mawa mwake ndinapita kuseri kwa nyumba ya bwana kuti ndikaone ndi maso anga. Rabeka ankachapa pampopi, mwana akusewera pambali pake. Hofumani anatuluka pakhonde atavala vesiti yake yachikasu ndi thukuta, kapu ili m'manja, n'kukuwa monga mwa masiku onse.

"Misitafi!"

Obadiya anatuluka m'khichini, naima chilili, nakoka mpweya kuti anene mawu ake aja. Asanatsegule pakamwa, mwana anataya kachitini kamene ankaseweretsa n'kuthamangira kukhonde akuseka. Anaima pamaso pa bwanayo, manja kumbuyo monga amachitira bambo ake, nati, "Ya!"

Hofumani anaseka mpaka malovu a fodya kuyenderera m'ndevu. Obadiya anavula epuloni, naisiya pansi pomwepo, nanyamula mwana wake.

Anasamukira m'tauni ya Gatuma, kumene anapeza ntchito ku fakitale ya thonje. Chishona anachiphunzira mochedwa ndipo ankachipotoza mpaka imfa yake, koma Chijeremani sindinachimvenso pakamwa pake. Aliyense womuitana dzina lakale sankayankhidwa.

Mwana ndiye anavuta. Ukati Sitefano ankangopitiriza kusewera ngati ukuitana wa eni. Tsiku lina ndili pakhomo pawo, anathamangira kumsewu lole ya thonje ikubwera. Rabeka anakuwa Sitefano kawiri, mwana osacheuka. Obadiya anali pafupi nane. Ndinamuona akutseka maso, kenako anakuwa yekha dzina lija, mmene bwana ankakuwira, ndipo mwana anaima.