Moni wa ku Kasungu pa sikelo ya mtedza

Amayi anga mpaka lero amakhulupirira kuti ntchito yanga yoyamba ndinaipeza chifukwa cha satifiketi ya zamalonda imene ndinatenga ku koleji ku Chipata. Sindinawatsutsepo. Koma zoona zake n'zakuti a Nyirenda, amene anandilemba, pepala lija sanaliyang'ane n'komwe. Anandilemba chifukwa cha pakamwa panga.

Ku koleji ndinkasewera basiketibolo. Ndine wamfupi, ndipo kuponya sindinkadziwa kwenikweni, koma mphunzitsi wathu ankandilowetsabe. Ankationetsa pafoni akatswiri a ku Amerika amene amalipidwa posewera, n'kumati, "Lekani kuyang'ana mpira, yang'anani milomo." Wina amayandikira mnzake n'kumunong'oneza kanthu. Winayo akapsa mtima n'kukankha, wezulo imalirira iyeyo, chifukwa woimbira samva mawu, amangoona dzanja. Ntchito yanga mu timu inali imeneyo. A Nyirenda anali ndi mwana wawo mu timu ina, ndipo anandionapo ndikutulutsitsa mtsikana wamtali kwambiri popanda kumukhudza.

Nditabwerera ku Lundazi ndinali ndi mwana wanga Wezi kumbuyo, bambo ake atalowera ku Lusaka osasiya ngakhale nambala. Ndinakumana ndi a Nyirenda pamsika. "Si ndiwe wa pakamwa uja? Bwela Lolemba," anatero.

Iwo ankagula mtedza kwa alimi n'kumatumiza ku Chipata. Anandiika pamsewu wolowera m'boma, ndi mitengo itatu yomangidwa pamwamba, sikelo yokoleka, lona, sefa, singano yaikulu ndi ulusi wosokera matumba. Mlimi akaima, umayamba wamuonetsa kuti muvi wa sikelo uli pa ziro. Kenako umapisa dzanja mpaka m'chigongono, pakati penipeni pa thumba, chifukwa ena amawaza madzi kuti lilemere. Umaluma njere imodzi. Youma imathyoka, yonyowa imangokanyika m'mano. Ukatero umakhuthula palona, kusefa dothi, n'kukoleka.

Zimenezi ndinazidziwa msanga. Chimene chinkandisowetsa tulo anali Mbewe, amene ankagulira bwana wina patsidya pa msewu womwewo. Mtengo wathu unali umodzi, ndiye mlimi ankapita kumene pakamwa pamukokera.

"Adada, osapita uko!" ankakuwa Mbewe. "Sikelo ya madamu wa satifiketi ili na njala. Ilela mwana alibe tate!"

Alimi ankaseka n'kukhotera kwa iye. Ine ndinkabweza mokuwa, ndipo ndikatero ngakhale amene anaima kwa ine ankakankha njinga zawo mwakachetechete. Wezi anayamba kutsokomola ndi fumbi la msewu, koma womusiyira kunyumba kunalibe, poti amayi ankakhala kumunda. Madzulo ndinkayang'ana mulu wanga, n'kuyang'ana waukulu wa patsidya.

A Nyirenda sanazungulire. "NyaMtonga, lole ibwela Lachisanu. Ikapita yosadzaza, ndiika mwamuna pano." Atakwera njinga yawo yamoto anatembenuka. "Ukalipa ngati ndiwe wagwidwa. Zako zija waiwala?"

Lachinayi m'mawa panatulukira mzere wa njinga ndi ngolo ziwiri za ng'ombe. Patsogolo panali a Zimba, mdala wapampando wa kalabu ya alimi. Aliyense ankadziwa kuti kumene iwo agulitse, enawo atsatira. Pamsewu paja pali mwambo wake: ogula awiri amathamangira njinga yoyamba, wina agwira chiwongolero, wina kaliyala, n'kumanyengerera mpaka mwini wake asankhe. Ndinagwira chiwongolero, Mbewe anagwira kaliyala.

"Monile adada, ulendo uwemi?" ndinawalonjera.

"Musamvele uyo, adada," anatero Mbewe. "Mufunseni, tate wa mwana uyu anamupima pa sikelo iti kuti athawe?"

Anthu anaseka, a Zimba nawo. Ndinaona gudumu lakutsogolo likuyamba kukhotera patsidya. Ndinaganiza za mankhwala a chifuwa, za Lachisanu, za nkhope ya amayi.

Msika wonse unkadziwa kuti mkazi wa Mbewe anapita ku Kasungu ndi wogulitsa zitenje, koma palibe amene ankatchula pamaso pake. Ndinawerama ngati ndikufuna kupisa dzanja m'thumba, mutu wanga n'kufika pafupi ndi phewa la Mbewe. Ndikumwetulira, motsitsa mawu, ndinati, "A Mbewe, mukatuma foni ku Kasungu, mundipelekeleko moni kwa alamu."

Dzanja lake ndinaliona likubwera. Thupi linakumbukira lokha za ku bwalo, ndinabwerera m'mbuyo phazi limodzi. Anakankha njinga m'malo mwa ine. A Zimba anagwa chagada m'fumbi, thumba linaphulika, mtedza mbwee pamsewu.

Wezi ankalira kumbuyo kwanga, ndipo apa m'pamene ndinakumbukira kuti ndinali nditamubereka. Ndikanachedwa pang'ono, dzanja lija likanatera pa iye.

A Zimba anadzuka, n'kusasa chipewa chawo. Sanakalipe. Anangoyang'ana Mbewe n'kufunsa, "Mwana wa njani uyu?" Kenako analoza mitengo yanga itatu ija, mzere wonse n'kukhotera kwa ine. Ndinapima mpaka dzuwa kupendeka. Amayi ena a m'kalabu ankandipepesa. "Iwe sunamuyankhe n'komwe, mwana wabwino," anatero mmodzi. Ndinangothokoza kuti yewo.

Lole inadzaza. Ntchito ndinakhala nayo nyengo yonse, ndipo a Nyirenda sanandifunse chimene ndinanena. Mbewe bwana wake anamuchotsa sabata yomweyo. Masiku ano amakweza katundu pa maminibasi a ku Chipata. Tikakumana amati, "Muli uli, amake Wezi?" ine n'kuyankha ndikuyang'ana pansi. Sanauzepo munthu, ndipo ndikudziwa chifukwa chake: kuti adziteteze, akanayenera kubwereza mawu aja ndi pakamwa pake.

Tsopano ndili ndi sikelo yanga. Chimene ndinasunga n'chakuti pa malonda wokuputa amafuna kuti anthu aone dzanja lako, ndiye akakuwa ndimangoonetsa mlimi muvi uli pa ziro. Zonong'ona zija sindinabwerezenso, ngakhale ndikudziwa kuti zimagwira ntchito. Kapena ndinene kuti sindinabwereze chifukwa ndikudziwa.

Mbewe ndiye anandiyamba, anatukwana mwana wanga pagulu masabata onse aja. Ine ndinanena chiganizo chimodzi, chaulemu, munthu n'kutaya ntchito. Wezi anachira, ndipo ali ndi nsapato. Mbewe nayenso ali ndi ana awiri amene mkazi uja anamusiyira. Inu mukanagwira chiwongolero chija, mwana ali kumbuyo, mukanaupereka moniwo?